Digiri Yokulungidwa M'bulangete la Mwana

4 Malichi

Bambo a Katsabola,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo. Amayi anu mwendo uja wayambiranso koma akuyenda. Katsabola wamera dzino lachiwiri, akuluma chilichonse, ngakhale chala cha agogo ake.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sitikumvana. Foni ndi ya amayi, ndiye ndikamayankhula amakhala pompo akutchera khutu, inunso mumangoti "zili bwino, ndatanganidwa," basi mwadula. Kalatayi ndipatsa dalaivala wa basi ya Lachiwiri. Wati amadutsa pageti pa kampani yanu ndipo amabwerera kuno Lachinayi. Yankho mumupatse yemweyo.

Pochoka munati akuyesani ntchito miyezi itatu, akakulembani zenizeni mudzatitenga tikakhale limodzi. Ine ndikuchonga masiku pa kalendala ya kuseri kwa chitseko. Mwezi woyamba munkaimba tsiku ndi tsiku, kundiuza za ofesi yanu ya m'mwamba, za firiji yaikulu ngati chipinda yodzaza katemera wa nkhuku. Pano zii. Lamlungu mawu anu anali ngati a munthu wodwala. Kodi mukudwala? Kapena ndinalakwa chinachake? Ndiuzeni ndithu, ndisamangoganiza ndekha.

Ndine mkazi wanu,
Make Katsabola

18 Malichi

Alamu,

Moni wambiri, ndi ana onse kumeneko. Ntchito yosoka ikuyenda bwanji? Pepani ndikulemba mothamanga, mwana wagona pamwendo ndiye zilembo zikupita uku ndi uku.

Mlongo wanu ndinamulembera masabata awiri apitawo, sanayankhe. Dalaivala akuti kalata anaipereka m'manja. Ndiye ailandira, aiwerenga, akhala chete. Alamu, ine ndikuopa. Ndinena mosabisa poti ndinu mkazi mnzanga. Iwo ali ndi digiri, ine ndinalekezera ku pulayimale. Kuofesi kuli akazi oyenda ndi malaputopu, oyankhula Chingelezi chosapumira. Munthu akakhala nawo tsiku lonse, akakumbuka ine amakumbuka chiyani? Munthu wonunkha utsi.

Chonde, inu muli pafupi. Tsekaniko makina ola limodzi mukawaone ndi maso. Zimene mukapeze mundiuze momwe zilili, musandinyengerere. Amayi sindinawauze kanthu.

Mlamu wanu

20 Malichi

Mlamu wanga,

Tili bwino, kaya inu ndi kamwana kolusako. Pukuta misozi, nkhani ya mkazi palibe. Ndinapita dzulo lomwe nditangolandira kalata yako, ndinasiya diresi la mwini wake lili dzanja limodzi.

Koma zimene ndinapeza sizinandisangalatse. Ndinafunsa mlonda pageti kuti ndikufuna mlongo wanga wa kuofesi ya m'mwamba. Mlonda anaseka, n'kundilozera kuseri, kosungira katundu. Ndinamupeza atavala chikhoti cha fumbi, pensulo kukhutu, akuwerenga makatoni. Mkazi yekhayo amene ndinamuona ndi wamkulu ngati amayi, wamfupi, makiyi ali mbwee m'chiuno. Onse amangowatchula Mayi a Makiyi. Ndinawamva akukuwa, "A Digiri! Katoni ya khumi ndi chiwiri yapita kuti?" Anyamata onyamula katundu n'kumaseka. Mlongo wanga atandiona anafuna kulowa pansi.

Ndinamukokera pambali. Ndinati iwe, zaka zinayi za kuyunivesite zija n'zowerengera makatoni? Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Achemwali, abwana akufuna ndiwaonetse kuti zimene ndinalemba pofunsira ntchito n'zoona. Andipatsa mpaka pa 12 Epulo. Zikakanika ndiye kuti basi." Ndisanafunse zambiri lole inalowa, anathamangira komweko.

Ine mmene ndikuonera, akuikayikira digiri yake. Masiku ano mapepala abodza achuluka, anthu akusindikiza kuseri kwa msika, ndiye mabwana sakhulupirira fotokope. Iye uja umamudziwa, manyazi ngati mkamwini watsopano, sangapemphe kuti mumutumizire yeniyeni. Waonda, kolala ikuchita kuzungulira m'khosi. Anati ndisawauze amayi, za iwe sananene, ndiye ndakuuza.

Alamu ako

25 Malichi

Kwa Abwana a kampani ya mankhwala a ziweto,

Moni bwana. Simukundidziwa, ndine mkazi wa mnyamata amene munamulemba ntchito mu Januwale, amene pano ali kosungira katundu. Pepani ngati kulemba chonchi n'kulakwa, ine zamaofesi sindizidziwa. Iwo sakudziwa kuti ndalemba, musawakalipire.

Ndamva kuti mukufuna umboni. Umboni ndi uwu. Digiri imeneyi ndi yeniyeni, ndaichotsa ndekha pakhoma la apongozi anga ili mufelemu momwemo. Taonani chidindo chofiiracho, chigwireni ndi chala mumva kuti n'chotupa, si cha fotokope.

Bwana, ine ndinaona ndi maso anga. Patchuthi anzawo akupita kumpira iwo ankakhala pampando wa kuseri kwa nyumba ndi mabuku mpaka dzuwa kulowa. Mabuku ena analibe, ankakopera a anzawo ndi manja, makope asanu ndi anayi, ndawasunga onse, mukafuna nditumiza. Nkhuku za anthu akuno zikadwala amabwera kudzawafunsa iwo. Tsiku lolandira digiri ndinalipo, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Muholo sindinalowe poti makadi anali awiri okha, koma dzina lawo ndinalimva pa sipika ndili panja. Sanabe, sanagule.

Tili ndi mwana mmodzi. Bambo ake anachoka ali wosakhala pansi. Mukawachotsa ntchito sindikudziwa kuti tidzakhala limodzi liti.

Galasi ndalikulunga m'bulangete la mwana kuti lisasweke. Mukatha kuona mundibwezere bulangetelo, kwayamba kuzizira.

Ine wanu wodzichepetsa

27 Malichi

Make Katsabola,

Moni. Amayi ndi mwana ndikhulupirira ali bwino. Wachita chiyani iwe?

Katundu aliyense wolowa pageti pano amapita kwa Mayi a Makiyi, amamutsegula ndi kumulemba mukompyuta. Ndiye phukusi lako analitsegula patebulo, anyamata onse alipo. Anakweza felemu m'mwamba, n'kulemba uku akutchula mokweza: "Digiri imodzi, yosasweka. Bulangete limodzi, mwini wake wakodzerapo pang'ono." Mpaka woyendetsa lole anatsika kudzaona. Kalata yako anaiwerenga chamumtima, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuipinda kuika m'thumba. Kaya apereka kwa abwana kaya ayi, sindikudziwa. Kuyambira dzulo sindinadye.

Digiri yanga palibe akuikayikira. Bola akanaikayikira. Poti wafuna kudziwa, imva.

Pofunsira ntchito panali funso lakuti kodi kompyuta umaidziwa. Ndinalemba kuti eya. Sindinkaona ngati ndikunama, phunziro la kompyuta ndinakhoza bwino. Koma tinkaliphunzira pabolodi. Chipinda cha makompyuta chinali ndi makina makumi atatu, theka akufa, ife tilipo mazana atatu. Pamayeso tinkajambula kompyuta papepala n'kulemba kuti batani ili limachita chakuti. Kafukufuku wanga womaliza ndinalemba pamanja, anataipa ndi munthu wa pashopu. Zimenezi sindinakuuzepo.

Kuno ntchito yanga inali yokonza tebulo la manambala mukompyuta: mashopu makumi anayi ndi asanu ndi atatu amene timawapatsa katemera, iliyonse mabotolo angati, onse pamodzi angati. Tebulo lotere limayenera kuwonkhetsa lokha. Umaliuza lamulo, amati fomula, ndiye ukasintha nambala imodzi zonse zimasintha zokha. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkawonkhetsa pa kalikuleta pansi pa desiki, anzanga akapita kokadya, kenako n'kutaipa mayankho ndi chala chimodzi. Linkaoneka bwino zedi, silinalakwepo ndi botolo limodzi lomwe.

Tsiku lina pamsonkhano abwana analionetsa pakhoma. Anati shopu yakuti tiiwonjezere, anafufuta 40 n'kulemba 60. Nambala ya pansi sinasunthe. Analemba 600. Sinasunthe. Analemba 6,000, anthu anayamba kutsokomola. Kenako anati, "Tebulo lako ndi lakufa. Wakhala ukuchita bwanji masabata onsewa?" Ndinanena zoona. Sanakalipe, n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anangoti, "Za nkhuku ukuzidziwa kuposa tonse muno. Koma ine ndinalemba munthu woti ndikamutumizira ntchito pa imelo m'mawa, masana indipeze yatha." Imelo yomweyonso ndinali nditawatumizirapo katatu yopanda chimene ndimati ndatumizacho.

Pa 12 Epulo andiyesa iwo akuona. Ndikonze tebulo lamoyo, ndilitumize pa imelo, ndilifotokoze pa msonkhano wa pakompyuta kwa anthu a kunthambi ina. Ndikumaonera mavidiyo ophunzitsa pafoni, koma zili ngati kuphunzira njinga poyang'ana wina akupalasa. Kompyuta ya kuno kosungira katundu ndi ya Mayi a Makiyi, munthu woti sekondale sanamalize, amene amanditcha a Digiri. Ndiye iwe wawabweretsera digiriyo m'manja.

Sindinakuyankhe chifukwa ndinalibe chokuuza. Usalembenso, kaya kwa abwana kaya kwa ine, mpaka tsikulo litadutsa.

Bambo a Katsabola

1 Epulo

Bambo a Katsabola,

Moni. Mwati ndisalembenso koma ndalemba, mudzandikalipira pamodzi.

Pepani. Ndalira kokwana. Ndimafuna kukuthandizani, ndakuvulani pagulu. Koma nanunso munandisiya mumdima mwezi wathunthu, munthu wa mumdima amagwira chilichonse chimene dzanja lakhudza. Mukanandiuza kuti vuto ndi tebulo, ine ndikanatumiza digiri?

Amayi anaona pakhoma patatsala malo oyera ndi msomali. Ndinawauza zonse, za makatoni zomwe. Ndimayesa akomoka. Koma anangoti, "Ukanatumiza ndi msomali womwe, akaipachika pati?" Ndiye musaope za amayi. Akuti mudye.

Tsopano ndinene zanga, ngakhale sukulu yanga ndi yochepa. Za fomula sindikuzimva. Koma kusadziwa ndiye ndimakudziwa bwino, ndimakhala nako tsiku lililonse. Kusikelo masiku ano anamwino salembanso m'kabuku kokha, amadina pa kakompyuta ka m'manja. Ine ndimafunsa, "Anesi, mwalemba chiyani, mwanayu wakwera kapena watsika?" Amayi ena pamzere amaseka, amati uyu ndiye wa mafunso uja. Tsiku lina nesi anandiyankha mokalipa. Koma ndimabwerera kunyumba ndikudziwa kuti mwana wanga akulemera bwanji, oseka aja sakudziwa za awo. Manyazi ake ndi a mphindi ziwiri, ndinayeza.

Inu simunazolowere. Kuyambira muli mwana ndinu woyankha, anthu amafunsa inu. Ndiye pakamwa panu sipadziwa kunena kuti ndiphunzitseni. Mayi amenewo kompyuta ali nayo, nzeru ali nazo, ali pafupi ndi inu ngati apa ndi apo. Kuseka anaseka kale, chatsala n'chiyani choti muteteze? Akakutchani a Digiri muziyankha kuti wawa.

Kwatsala masiku khumi kuchokera pamene mulandire kalatayi. Ndawerenga katatu. Ine ndatopa kugona ndi mwana m'chipinda chosungira makasu. Chonde pitani mukafunse. Mukapanda kupita ndilembera mayiwo ndekha, ndipo mwaona kale kuti ndimatha.

Mkazi wanu

10 Epulo

Mwana wanga, make mwini bulangete,

Moni. Sitidziwana, ine ndi amene amanditcha Mayi a Makiyi. Bulangete ndi ilo, ndalichapa. Felemu ndaisunga mukabati yokiya.

Kalata yako kwa abwana sindinapereke ndipo sindipereka, si imene akufuna kuona. Koma ndinaiwerenga kawiri. Kuseka ndinaseka, pakamwa panga ndi potero, undikhululukire. Nditafika pa makope asanu ndi anayi aja kuseka kunatha.

Mwamuna wako anabwera Lachitatu lapitalo. Anaima pakhomo la kaofesi kanga akupotokola pensulo, ndinayesa akufuna kupempha tchuthi cha maliro. Anati, "Amayi, ndiphunzitseni." Ndinati a Digiri, mawu amenewa ndawadikira mwezi wathunthu, mpando uwo. Ndikanamuyamba ndine akanati ndikumunyoza.

Si woyamba. Chaka chilichonse amabwera, masuti osita bwino, mitu yodzaza, zala zosadziwa kolowera. Ena pafoni ndi akatswiri, koma uwauze asunge chikalata poti mnzawo akachipeze mawa, thukuta kamukamu. Mabwana nawo safunsa kuti kusukulu kwanu makina analipo angati, amangofuna ntchito. Ine ndinaphunzira ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku limene kampani inatilanda mabuku olembamo katundu. Ndinkalira m'chimbudzi. Ndiye ndikudziwa.

Tikumakhala nthawi ya chakudya chamasana, Loweruka tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Kalikuleta yake ndinamulanda, ili ndi makiyi anga. Tsiku limene nambala ya pansi inasintha yokha anadzuka pampando, n'kukhalanso, n'kusintha ina, n'kusinthanso ina, ngati mwana wapeza switchi ya magetsi. Mutu ali nawo. Koma ndisakunamize, zimene anzake anazizolowera zaka sizilowa m'zala masiku asanu ndi anayi. Mayeso a Lachisanu akhoza kupita uku kapena uku.

Kalatayi wataipa ndi iyeyo ine ndikunena, ndiyo ntchito yake ya lero. Ndiye zonsezi wazimva. Akuti ndichotse za switchi, ndakana.

Mayi a Makiyi

15 Epulo

Bambo a Katsabola,

Moni. Lachisanu ladutsa, Loweruka, Lamlungu. Foni yanu ndi yozimitsa. Amayi akungoyang'ana kumsewu. Kaya ndi zoipa nenani, tizimva. Musatichitenso zija.

Mkazi wanu

17 Epulo

Make Katsabola,

Moni, iwe ndi amayi ndi mwana. Pepa. Yankho andipatsa dzulo, ndipo foni ndinazimitsa chifukwa ndinkaopa kumva mawu ako ndilibe chonena. Ndi khalidwe loipa, ndaliona.

Zinayenda chonchi. Tebulo ndinakonza abwana ataima kumbuyo kwanga. Anasintha 40 kukhala 60, pansi panasintha. Anangoti "ehe." Imelo inapita ndi katundu wake. Kenako msonkhano wa pakompyuta uja. Ndinafotokoza bwino kwambiri, mwina sindinayankhulepo bwino chotero, mphindi zisanu zathunthu. Anthu a kunthambi aja ankangogwedeza manja, ine ndinkayesa akundilonjera. Ndinali ndisanatsegule mawu, sanamve kalikonse. Nditayambiranso zinatuluka zosalongosoka. Pomaliza abwana anati manambalawo ndiwasandutse chithunzi choonetsa shopu imene ikutenga katemera wambiri. Pamenepo tinali tisanafike. Ndinati, "Sindidziwa, bwana, koma pofika Lolemba ndikhala nditadziwa." Kale ndikanangokhala chete n'kumadinadina.

Ntchito ya m'mwamba apatsa wina, mtsikana amene anali ndi laputopu yakeyake kuyambira chaka choyamba. Sindikumuda, amaithadi. Ine andilemba kosungira katundu, wothandiza Mayi a Makiyi, miyezi isanu ndi umodzi. Akuti ikatha adzaonanso. Mayiwo ndi amene anakandipemphera, anauza abwana kuti maso awo ayamba kufooka ndipo akufuna munthu wodziwa kuti katemera uti amafa akatentha. Malipiro ndi ocheperapo. Nyumba ya zipinda ziwiri ndinakulonjeza ija sizitheka. Ndili m'chipinda chimodzi, bafa ndi mpopi n'zapanja, timagawana mabanja anayi.

Ndiye ndaganiza kuti mwina udikire kaye miyezi isanu ndi umodziyo. Sindikufuna udzandione m'chikhoti cha fumbi anyamata akundiitana dzina lija. Unakwatiwa ndi munthu amene anthu ankati adzakhala bwana. Ndilole ndikonze kaye, ndidzakutenge bwinobwino.

Uwauze amayi kuti ndikudya.

Mwamuna wako

22 Epulo

Bambo a Katsabola,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Ndawawerengeranso amayi, pa mphindi zisanu paja anaseka mpaka kutsamwa, kenako anapukuta maso.

Mwakhoza. Ine ndikutero. Munalowa m'mwezi uno muli ndi tebulo lakufa ndi pakamwa potseka, mwatuluka ndi ntchito. Koma zodikira miyezi isanu ndi umodzi ndakana. Ikatha imeneyo mudzapeza china chochita nacho manyazi, mudzati dikira ndiphunzire chithunzi, dikira ndigule mpando. Inu mukakhala nokha mumabisa zinthu mpaka zimakula. Ine sindinadikire ofesi, ndimadikira inu. Chikhoti cha fumbi chimachapika, mpopi wapanja ndi umene ndakulira. Katsabola wayamba kukwawa Lachinayi, wafika pakhomo yekha, inu simunaone. Kuyenda ndiye muone.

Ndalemba m'malo moyankhula chifukwa ndikakuonani mawu andithawa, ndiponso sindikufuna mundikanize pafoni. Kalatayi dalaivala akupatsani pageti monga mwa masiku onse. Mukafika pamzere uno kwezani maso. Tili m'basi momwemo, mpando wakumbuyo, mbali ya kugeti, ndi chikwama chimodzi ndi ndowa. Ngati simukufunadi kuti tikuoneni, bwererani mkati, ife tipitirira kwa alamu, sindidzakufunsani chifukwa. Ngati mukufuna, bwerani mudzanyamule mwana wanu momwe mulilimo, musavule kanthu.

Fulumirani. Dalaivala wati amaima mphindi zitatu zokha.

Ine,
Make Katsabola